ZA KHANSA YA M'MAWERE: PHUNZIRO LOCOKERA KWA AKAZI A MAIKO ATATU

Nkhani ya phunziro lino si yolaula ai, ndipo tipempha amuna kuti asatembenuze tsamba poganiza kuti ndi ya amai okha. Bere ndilo linatilera tonse. Nthenda yolowa m'bere la mai ilowa m'nyumba monse, pakuti akagona iye wosinja, wotunga madzi ndi wolera ana, banja lonse lizunguzika.

Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse lapansi, la World Health Organization, linawerenga kuti m'caka ca 2022 akazi ngati 2,300,000 anapezedwa ndi khansa ya m'mawere, ndipo ngati 670,000 anafa nayo. Koma imfa zimenezi sizigwa molingana pa mitundu yonse. Ngakhale m'maiko olemera, kumene makina ndi mankhwala ziri zocuruka, akazi a mitundu ina afa nayo koposa anzao okhala nao m'dziko limodzi. Awa ndiwo akazi a eni nthaka, amene makolo ao anali m'dzikomo Azungu asanafike, ndi akazi a mitundu yocepa. Tidzayang'ana maiko atatu, ndiwo America, New Zealand ndi Australia. Tidzafunsa cimene cipha akaziwo, ndi cimene anthu anacita kuti awapulumutse; pakuti akuru anati, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

1. Nthendayi njotani?

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizinthu tating'ono-ting'ono tosaoneka ndi maso, dzina lace maselo. Maselo abadwa, nagwira nchito yao, nafa, ndipo ena alowa m'malo mwao. Khansa iyamba pamene maselo ena aleka kumvera lamulo limeneli, nayamba kuswana kosaleka. M'bere, kawiri-kawiri iyambira m'tinjira mopita mkaka. Poyamba cotupaco ciri cacing'ono monga njere ya cimanga, ndipo cikhala pamalo amodzi. Cikasiyidwa, maselo ace ayenda kunka m'khwapa, muja muturuka mwanabere, ndipo pambuyo pace afika ku mafupa, ku mapapu, ku ciwindi kapena ku ubongo.

Madokotala agawa kukula kwa nthendayi m'magawo anai. M'gawo loyamba ndi laciwiri iri m'bere kapena pafupi pace, ndipo ambiri acira. M'gawo lacitatu yakula ndi kuzika mizu m'khwapa kapena m'khungu, ndipo kuciritsa kwace kuli kobvuta. M'gawo lacinai yafika ku ziwalo zakutali. Pamenepo mankhwala acepetsa ululu ndi kutalikitsa masiku, koma sakhoza kuizula yonse. Iri ngati moto wa lupsa: ukangoyamba, nthambi imodzi yaiwisi iuzima, koma ukagwira dambo lonse, ngakhale mudzi wonse ulephera.

Cifukwa ca ici anzeru anafuna njira yopezera nthendayi mwini wace asanamve kanthu. Njirayo ndiyo kujambula bere ndi makina a X-ray, ndipo cithunzi cace cichedwa mammogram. Makinawo aona cotupa cimene zala sizinayambe kucikhudza. Kuyesa kwakukuru koyamba kunayamba ku New York mu 1963, pa akazi oposa 60,000, ndipo kunaonetsa kuti mwa akazi oitanidwa kukapimidwa anafa ocepa koposa mwa osaitanidwa. Pambuyo pace maiko ambiri anakhazika lamulo loitana akazi acikulire kukajambulidwa. Australia anayamba mu 1991, ndi New Zealand mu 1998. M'maiko awiriwa mkazi wa msinkhu woyenera ajambulidwa kamodzi pa zaka ziwiri, wosalipira kanthu. M'maiko olemera, mwa akazi 10 opezedwa ndi nthendayi, ngati 9 ali moyo patapita zaka 5.

2. Nanga ena afa ocuruka cifukwa ninji?

Ku America, ngati munthu mmodzi mwa 8 ali wakuda, ndipo ambiri a iwo ndi adzukulu a anthu amene anatengedwa ukapolo ku Africa kuno. Akazi akuda sagwidwa ndi nthendayi koposa akazi oyera ai. Ciwerengero cao ciri cocepako pang'ono. Koma pa imfa ndiwo atsogola: pamene mwa akazi oyera afa 10, mwa akazi akuda ocuruka molingana afa ngati 14. Codabwitsa ndi ici, kuti cisanafike caka ca 1980 kusiyana kotere kunalibe. Kunayamba kuoneka pamene makina opimira ndi mankhwala atsopano zinafika, pakuti zabwinozi zinayamba kufikira iwo okhala ndi ndarama ndi zipatala zabwino pafupi. Nzoona kuti pali mtundu wina waukali wa khansayi, wosamva mapiritsi amene athandiza pa mitundu ina, ndipo ugwira akazi akuda kawiri koposa oyera; koma ici cokha sicifotokoza kusiyana konse.

Ku Australia eni nthaka ndiwo Aboriginal ndi a ku zisumbu za Torres Strait, ndipo sakwana 4 mwa anthu 100. Akazi ao agwidwa ndi nthendayi mocepa koposa akazi ena, koma akagwidwa acira ocepa. Mwa akazi ena a msinkhu woitanidwa, ngati theka apita kukajambulidwa. Mwa eni nthaka opita sakwana 4 mwa 10.

Ku New Zealand eni nthaka ndiwo Māori, ngati munthu mmodzi mwa 6. Akazi ao agwidwa nayo koposa, ndipo afa nayo koposa. Koma madokotala a cigawo ca Waikato, poyang'ana m'mabuku a odwala a zaka zambiri, anapeza cinthu cacikuru: mkazi wa Māori amene nthenda yace inapezedwa ndi makina, asanamve kanthu, anakhala moyo molingana ndi mkazi wa Cizungu wopezedwa mwa njira yomweyo. Kusiyana kunali pa iwo amene anadza ataona zizindikiro. Tsono tiona kuti copha akaziwa kwakukuru si mwazi wa mtundu wao, koma njira yocokera pakhomo pao kufikira kwa dokotala. Pa njirayo pali zipsinjo zitatu: mtunda, manyazi pamodzi ndi mantha, ndi kusokera munthu atalowa kale m'cipatala. Tiyeni tione zimenezi cimodzi-cimodzi.

3. Mtunda: za mudzi wa Te Kaha

Te Kaha ndi mudzi wa m'mphepete mwa nyanja ya mcere, kum'mawa kwa cisumbu ca kumpoto ca New Zealand, kutali ndi zipatala zazikuru. Anthu ace ambiri ndi a pfuko la Māori lochedwa Te Whānau-ā-Apanui, ndipo ali ndi kacipatala kao kakang'ono. Makina ojambulira aikidwa m'galimoto lalikuru loyenda m'midzi, lobwera kamodzi pa zaka ziwiri. Kalata zoitana zinali kulembedwa ndi anthu akutali osadziwa mudziwo. Mu 2003 akazi amene anapimidwa sanakwane 45 mwa 100.

Pamenepo anchito a kacipatalako anatenga nchitoyo m'manja mwao. Iwo anali kudziwa nyumba iri yonse. Analemba maina a akazi onse a msinkhu woyenera, nalankhula nao, nawalembetsa, napangana nao tsiku ndi nthawi yowayenera, nathandiza amene analibe coyendera. Mbiri inafalitsidwa monga mbiri ifala m'mudzi, pakamwa ndi pamisonkhano, ndipo akazi anakumbutsana okha-okha. Mu 2005 akazi amene anapimidwa anali ngati 98 mwa 100, ndipo mu 2007 cimodzi-modzi. Taonani, boma la dzikolo lifuna kuti afike 70 mwa 100, ndipo mizinda ina yaikuru ilephera. Koma mudzi wakutali wa anthu osalemera unapitirira. Makina anali omwewo, akazi anali omwewo. Cosinthika cinali woitana, pakuti tsopano anali munthu wodziwika nkhope.

4. Manyazi ndi mantha: za nsaru ya ku Victoria

Mkazi wojambulidwa ayenera kubvula kufikira m'cuuno pamaso pa mlendo. Pakati pa Aboriginal pali nkhani zimene ziri za akazi okha, zosayenera kuchulidwa pali amuna kapena alendo, monganso kwathu kuno ziri za kucinamwali. Kwa mai wamkuru woleredwa m'mwambo wotere, kuima wosabvala m'cipinda ca alendo nkobvuta ndithu.

Pamwamba pa manyazi pali mantha, ndipo manthawo ali ndi cifukwa cace. Kuyambira ngati 1910 kufikira ngati 1970, maboma a Australia anali kulanda ana a eni nthaka kwa amai ao, ndipo ena anatengedwa ali m'zipatala. Boma linapepesa poyera mu 2008. Ku America nakonso, mu 1976 oyang'anira mabuku a boma anapeza kuti akazi 3,406 a eni nthaka anatsekedwa kuti asabalenso pakati pa 1973 ndi 1976, m'zigawo zinai zokha, ndipo makalata a cibvomerezo cao sanali olongosoka monga mwa lamulo. Mkazi amene agogo ace anamsimbira zotere sathamangira kalata ya boma yomuitana ku cipatala. Tisamuyese wopusa, iye ali kukumbukira.

M'cigawo ca Victoria, oyang'anira kujambula anapangana ndi zipatala zoyendetsedwa ndi Aboriginal eni ace, ndipo mu 2018 anayesa cinthu cacing'ono. Anakonza nsaru zofunda pamapewa, zonga citenje, zokongoletsedwa ndi zithunzi zolembedwa ndi akazi aluso a mtundu womwewo. Mkazi afunda nsaruyo pojambulidwa, ndipo atatha apita nayo kwao monga mphatso. Galimoto lojambulira liima pakhomo pa cipatala cao comwe, wojambula ali mkazi, ndipo amai adza m'magulu, naceza, nalimbitsana mtima. Nchitoyo ichedwa Beautiful Shawl Project. Mwa njira imeneyi akazi mazana ambiri apimidwa, ndipo kwa ambiri a iwo kanali koyamba. Akuru anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mau awa ndi oona, koma a ku Victoria sanaima pakhomo pa una ndi kudzudzula mbewa. Anafunsa cimene cicititsa manyaziwo, nacicotsa.

5. Kusokera m'cipatala: za operekeza a ku Harlem

Kupima kokha sikuciritsa munthu. Cotupa cikaoneka, dokotala ayenera kutengako kanyama kakang'ono ndi singano kuti akaone ngati ndi khansa. Pambuyo pace pali opareshoni, pali kuocha malowo ndi ceza ca makina, pali mankhwala amphamvu olowa m'mitsempha kwa miyezi, ndipo kwa ena mapiritsi a zaka 5 kufikira 10. Pa khomo liri lonse la awa munthu wosauka akhoza kubwerera.

Harlem ndi dera la mzinda wa New York lokhala anthu akuda ndi osauka ambiri. Dokotala wa opareshoni Harold Freeman, iyenso wakuda, anayamba nchito pa cipatala ca kumeneko mu 1967. Mwa akazi 606 amene anadza ndi khansa ya m'mawere pakati pa 1964 ndi 1986, ngati theka anafika nthenda itakula, ndipo 6 okha mwa 100 anafika iri m'gawo loyamba. Patapita zaka 5, amoyo anali 39 mwa 100. Iye anatsegula malo opimira akazi kwaulere mu 1979, koma anaona kuti ambiri opezedwa ndi cotupa sanali kubwera kudzatsiriza. Wina analibe makalata olipirira, wina sanamve mau a dokotala, wina analibe womsiyira ana, wina anaopa.

Tsono mu 1990 analemba nchito anthu a m'dera lomwelo, osakhala madokotala, kuti akhale operekeza. Mperekezi atenga mkazi kuyambira tsiku limene cotupa caoneka, namlembera makalata, namkumbutsa tsiku, nammasulira mau obvuta, namfunafuna akapanda kubwera, kufikira mankhwala atatha. Mwa akazi oposa 300 amene anadza pakati pa 1995 ndi 2000, okwana 41 mwa 100 anafika nthenda ikali poyamba, ndipo amoyo patapita zaka 5 anali 70 mwa 100. Kupima kwaulere ndi kuperekeza zinacita ici pamodzi. Mu 2005 Prezidenti George W. Bush anasaina lamulo lopereka ndarama za nchito ya operekeza, ndipo njirayo inafalikira m'zipatala zambiri.

6. Nanga kwathu kuno?

Wina adzati, Izi ndi za maiko a makina. Ife zitikhudza bwanji? Zitikhudza ndithu, pakuti zipsinjo zitatuzo ziri pa njira ya mai wa kumudzi kwathu. M'Zambia khansa ya khomo la cibaliro ndiyo itsogola pakati pa akazi, ndipo ya m'mawere ndiyo yaciwiri. Anzeru anatsata akazi oposa 2,000 opezedwa nayo pakati pa 2014 ndi 2017 m'maiko asanu a Africa, nalengeza zimene anapeza mu 2020. Ku Namibia, patapita zaka 3, mwa akazi oyera amoyo anali 90 mwa 100, koma mwa akazi akuda 56. Ku Zambia ndi ku Uganda amoyo sanakwane theka. Cifukwa cacikuru cinali comweco: kufika mocedwa, ndi kusatsiriza mankhwala.

Mu 2021 bungwe la World Health Organization linaika miyeso itatu ya maiko onse: kuti akazi 60 mwa 100 apezedwe nthenda ikali m'gawo loyamba kapena laciwiri, kuti mkazi adziwe coona ca cotupa cace asanathe masiku 60 kuyambira tsiku limene anafika ku cipatala, ndi kuti 80 mwa 100 atsirize mankhwala ao onse. Makina a mammogram kwathu apezeka m'zipatala zazikuru zowerengeka. Cifukwa cace cida cathu coyamba ndico maso ndi zala za mai mwini, ndi manja a namwino wophunzitsidwa. Mai ali yense adziwe maonekedwe a mawere ace, ndipo asacedwe kupita ku cipatala akaona cimodzi ca izi:

(a) cotupa colimba m'bere kapena m'khwapa, ngakhale cisawawe;
(b) bere limodzi kusintha ukuru kapena maonekedwe;
(c) khungu la bere kulowa m'kati, kufiira, kapena kukhala ngati khungu la lalanje;
(d) nsonga ya bere kulowa m'kati, kapena kuturutsa mwazi kapena madzi acilendo;
(e) cironda ca pa bere cosapola.

Cenjerani ndi mau oti, Sicikuwawa, cidzatha cokha. Khansa yoyamba kumene kawiri-kawiri siwawa konse. Dziwaninso kuti zotupa zambiri za m'bere si khansa. Koma palibe munthu angasiyanitse ndi maso, kufikira kanyamako katapimidwa. Nthendayi siipatsirana, kotero musaope kudya mbale imodzi ndi wodwala. Si cilango, ndipo si ufiti wa mnansi: ngati theka la akazi ogwidwa nayo alibe cifukwa cina codziwika koma kuti ali akazi ndi kuti akula msinkhu. Kumwa mowa kuonjeza ngozi yace, ndipo kuyamwitsa kuicepetsa pang'ono. Igwiranso amuna, ngati mmodzi mwa odwala 100.

Ena ati mpeni wa dokotala ndiwo ufalitsa nthenda, cifukwa anaona wina amene anafa atacitidwa opareshoni. Koma amene uja anafika nthenda itafalikira kale. Anamupha ndi miyezi imene anakhala kunyumba. Kutema mphini pa cotupa ndi kumangapo mankhwala a zitsamba sikucotsa khansa, koma kudya miyezi yomweyo imene ikadampulumutsa.

Njira yace ndi iyi: yambani pa cipatala ca kwanu, ndipo pemphani kuti namwino wamkazi akupimeni ngati mtima wanu ufuna cotero. Akakutumizani ku cipatala ca boma kapena ca cigawo, pitani sabata lomwelo, osadikira kukolola. Sungani bwino makalata onse, ndipo musacoke musanamve tsiku lobweranso. Ku Lusaka kuli cipatala ca khansa, Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 2007. Ulendowo uli wautali ndi wofuna ndarama, ndipo apa ndi pamene banja ndi mudzi zionekera.

Inu amuna, mkazi amene wacotsedwa bere akali mkazi wanu ndi mai wa ana anu. Akazi ena abisa cotupa miyezi yambiri poopa kusiyidwa ukwati. Mau anu amodzi olimbitsa mtima akhoza kufupikitsa miyeziyo. Mbuzi yogulitsidwa lero kuti mai akwere basi iri yocepa mtengo poilinganiza ndi zimene zidzaphedwa pa maliro. Inu amai a m'magulu, a ku Te Kaha anali ndi buku la maina, a ku Victoria anali ndi nsaru, a ku Harlem anali ndi mperekezi; palibe cimodzi ca izi cimene mudzi wanu ungacisowe. Sankhani mmodzi wodziwa kuwerenga ndi wosunga cinsinsi, kuti mai wopezedwa ndi cotupa asayende yekha, ndipo akaleka mankhwala panjira pakhale womfunsa. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso

1. Cifukwa ninji cotupa cosawawa ciyenera kuonetsedwa msanga ku cipatala?
2. Madokotala a ku Waikato anapeza ciani za akazi a Māori opezedwa ndi makina, ndipo ici citiphunzitsa ciani?
3. Cinasinthika nciani ku Te Kaha pakati pa 2003 ndi 2005?
4. Nciani cicititsa akazi ena a eni nthaka kuopa zipatala? Kodi m'mudzi mwanu akazi aopa ciani?
5. Chulani nchito zinai za mperekezi.
6. Mai wa m'mudzi mwanu akatumizidwa ku Lusaka mawa, adzamperekeza ndani, ndipo ana ace adzatsala ndi yani?